Funso: ndiwagulire wailesi yanji bambo anga osaona, ya FM kapena ya dijito?

Moni nonse a pa gulu lino. Ndikulemba kuchokera ku Mangochi, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za mawailesi komanso kwa abale athu osaona amene muli pano. Bambo anga, amene amakhala ku Namwera, anasiya kuona atakula kale, ndipo nkhani, mauthenga a maliro, mpira ndi mapemphero zonse amazipeza pa wailesi. Yawo yakale yatheratu, koma pamene ndimati ndiwagulire ina, mnzanga wandiuza kuti ndisataye ndalama pa ya FM chifukwa dziko likulowera ku dijito.

Zoti zinthu zikusintha sindikutsutsa. Dziko la Norway linazimitsa FM ya masiteshoni ake akuluakulu m'chaka cha 2017 n'kusamukira ku DAB+, njira youlutsira mawu ya dijito, ndipo kuno kwathu kanema atasamukira ku dijito anthu anagula madikoda a Kiliye Kiliye. Nkhawa yanga ili pa katcheredwe. Bambo amatchera wailesi ndi chala ndi khutu basi: amapotokola pang'onopang'ono, phokoso likamachepa amadziwa kuti ayandikira Dzimwe kapena Radio Maria, ndipo sadikira mdzukulu kuti abwere kusukulu adzawathandize. Wailesi ya dijito imalemba mayina a masiteshoni pa sikirini kuti munthu asankhe poona, ndipo mphamvu ya siteshoni ikachepa, monga zimachitikira kuseri kwa mapiri akwathu, mawu amadukaduka kenako n'kuti zii. Munthu wosaona adziwa bwanji ngati vuto ndi mabatire, mlongoti kapena batani limene wadina mwangozi? Kodi ilipo ya dijito yotchula yokha dzina la siteshoni, kapena ndingowagulira foni yamakono azimvera pa intaneti?

Yankho loyamba:
Achimwene, ine ndimakonza mawailesi, ndipo ndikuti gulani ya FM musazengereze. Masiteshoni amene mwatchulawo, pamodzi ndi MBC ndi Zodiak, amaulutsa pa FM, ndipo wailesi ya DAB+ simva kanthu kumalo kumene kulibe mlongoti woulutsa mwa njira imeneyo. Sankhani yopotokola ndi dzanja, yotchajidwa ndi sola, ndipo mudonthezere guluu pa batani loyatsira kuti bambo azilizindikira pokhudza.

Yankho lachiwiri:
Bambo, ine ndine wosaona ndipo funso lanuli ndalimva kudzera pa TalkBack, imene imawerenga mokweza zolembedwa pa foni za Android. Foni imandithandiza ndithu, koma kwa munthu wamkulu amene sanazolowere sikirini yosisita ndi ntchito yaikulu, chifukwa imafuna bandulo nthawi zonse, netiweki ikavuta wailesi yathera pomwepo, ndipo mawu a Chichewa ndi Chiyao imawatchula mokhotakhota. Pa za ukatswiri ndikugwirizana ndi amene ayankha poyamba. Chimene ndingaonjezere n'chakuti nkhani ya wailesi ya dijito tiiyankhule ndi bungwe loyang'anira nyumba zoulutsira mawu la MACRA kudzera ku Malawi Union of the Blind malamulo ake asanakhazikitsidwe, kuti mawailesi odzalowa m'dziko muno adzakhale ndi mabatani otukuka omveka m'chala komanso mawu otchula siteshoni. Mukapita kokagula, mutengane ndi bambowo akaigwire okha musanalipire.