Malipoti 701 a Project Blue Book aja anathera pati?

Mlonda_wa_Usiku: Akuluakulu, tandimasulirani. Asilikali a ndege a ku America anatha zaka zoposa 20 akufufuza zinthu zouluka zosadziwika, kuyambira Project Sign mu 1948 mpaka Blue Book yomwe anaitseka mu 1969. Pa malipoti 12,618, okwana 701 anangowalemba kuti “sizikudziwika.” Ngati kunalibe kanthu, ndalama zonsezo ankamwaziranji? Ine zikundikayikitsa.

Kadzidzi: Achimwene, amene ankawasowetsa tulo ndi Soviet Union, osati alendo a m'mapulaneti ena. Mu 1953 gulu la asayansi la Robertson lomwe CIA, bungwe laukazitape la America, inaitanitsa linati choopsa ndi kuchuluka kwa malipotiwo: mafoni angadzaze ndi nkhani za nyenyezi ndi mabaluni, adani enieni n'kudutsa osaoneka.

Komanso zina zinali zawo zomwe. Ndege yaukazitape ya U-2 inkauluka pamwamba kupitirira mamita 18,000. Madzulo pansi kutayamba mdima, iyo dzuwa limaiwombabe, oyendetsa ndege wamba n'kumaona chinthu chonyezimira kumene ankakhulupirira kuti ndege singafikeko. Boma likanaulula bwanji? Za ku Roswell nazo, komwe zinthu zomwe zinagwa mu 1947 ena amati zinali chombo cha alendo akuthambo, mu 1994 asilikali anavomera kuti zinali zidutswa za chibaluni cha Project Mogul, chomvetsera ngati a Soviet aphulitsa bomba la nyukiliya. Ma 701 anuwo ndiyesa ndi malipoti operewera chabe.

NaPhiri: Pamapeto apo ayi, a Kadzidzi. Operewera anali ndi gulu lawolawo. Awa 701 ndi omwe anali ndi tsatanetsatane wokwanira koma yankho osapezeka. Sindikuti ndi zolengedwa zakuthambo, koma ntchito ankaigwira mwachidule. J. Allen Hynek, katswiri wa zakuthambo yemwe anali mlangizi wawo, anayamba ali wotsutsa, n'kudzamaliza akudandaula poyera kuti kafukufukuyo ngwachiphamaso. Ndi yemwe uja anthu anamuseka mu 1966 atanena kuti kuwala kodabwitsa komwe anthu anaona ku Michigan mwina kunali mpweya wa m'dambo.

Chimandiwawa ine ndi cha Thomas Mantell, woyendetsa ndege yankhondo. Anafa ku Kentucky mu January 1948 atakwera kwambiri wopanda okosijeni pothamangitsa chinthu china. Poyamba akuti inali pulaneti ya Venus! Kenako zinaoneka kuti mwina chinali chibaluni cha Skyhook, chomwe panthawiyo chinali chachinsinsi.

Mlonda_wa_Usiku: Zikomo mayi. Ndiye anatsekeranji zisanathe?

NaPhiri: Lipoti la gulu la wasayansi Edward Condon la mu 1968, lochokera ku yunivesite ya Colorado, linati kupitiriza sikungapindulire sayansi. Asilikali nawo anali atatopa nazo kale. Mafailo ali ku National Archives, kosungira zakale za boma la America, aliyense akhoza kuwerenga, ngakhale maina a mboni anawafufuta.