Galasi la 4 mm silikulimba mokwanira mu uvuni wa tempering

Moni nonse akatswiri a magalasi. Ndili ndi vuto pa tempering, komwe ndi kulimbitsa galasi politenthetsa mu uvuni kenako n'kuliziziritsa msanga ndi mphepo, kuti likamasweka lizisweka m'tizidutswa ting'onoting'ono. Galasi la 6 mm likutuluka bwino, koma la 4 mm tikaliswa poyesa likusweka m'zidutswa zikuluzikulu. Pamalo a 50 mm x 50 mm tikuwerenga zidutswa 25 zokha, pomwe muyezo wa EN 12150 umafuna zosachepera 40.

Uvuni uli pa 700°C, timalitenthetsa masekondi 160. Titawonjezera nthawi linayamba kupindika ngati mafunde. Tatsuka timabowo totulutsa mphepo, tatiyandikizanso pagalasi, sizinasinthe kwenikweni.

Ine ndikukayikira fani, poti galasi lopyapyala limafuna mphepo yamphamvu kuti kunja kuume msanga mkati mukadali motentha. Kodi pa 4 mm mumaika pressure (mphamvu ya mphepo) yanji? Kapena likuzizira panjira lisanafike pamphepo?