Bellows ya ventilator sikufika pamwamba, koma leak test ikudutsa

Moni akuluakulu ogonetsa odwala ndi okonza makina muno mu Harare. Thandizeni maganizo pa makina a anesthesia a circle system (mpweya umazungulira n'kubwereranso kwa wodwala), okhala ndi bellows (chikwama cha ventilator chopopera mpweya m'mapapo) yokwera wodwala akamatulutsa mpweya.

Pa manual (kupopa mpweya ndi dzanja pa bag) zonse zili bwino. Pa leak test (kuyesa ngati mpweya ukuthawa), tikatseka APL valve (yotulutsa mpweya wowonjezera pa manual), kutseka Y-piece (polumikizira chubu cha wodwala) ndi chala, n'kudzaza mpaka 30 cmH2O, muvi wa pressure sutsika kwa masekondi 10. Kanisita ya soda lime (yochotsa carbon dioxide) ndiyomanga, cuff (kabaluni) ya chubu cha kukhosi kwa wodwala ili pa 25 cmH2O. Koma tikangosinthira ku ventilator, tidal volume (mpweya wa kupuma kumodzi) 500 ml, kupuma 12 pa mphindi, fresh gas flow (mpweya watsopano wolowa) yochepera lita imodzi pa mphindi, bellows imatsika pang'onopang'ono mpaka kulephera kufika pamwamba. Tikakweza flow kufika malita 3 imadzadza, zomwe zikungobisa vuto n'kumatha isoflurane (mankhwala ogonetsa) pachabe.

Ine ndikukayikira spill valve (yotulutsa mpweya wowonjezera pa ventilator), chifukwa leak test ya manual siifika konse kumeneko. Ikapanda kutseka bwino, mpweya wa wodwala umathawira ku scavenging (njira yotayira mpweya wotsala kunja), makamaka ngati scavenging ikukoka kwambiri. Bellows yobooka sindikuiganizira kwenikweni: ikanalowetsa drive gas (mpweya wokankha bellows), FiO2 (kuchuluka kwa oxygen imene wodwala akupuma) n'kusintha, koma FiO2 ili pomwepo.

Kodi mumayesa bwanji spill valve payokha osaphwasula ventilator yonse? Kuchotsa payipi ya scavenging n'kuyesa ndi test lung (chikwama choyimira mapapo) n'kokwanira? Nanga O-ring (kalabala kotseka mpweya) ya switch yosinthira pakati pa bag ndi ventilator ingapereke zizindikiro zomwezi? Ndipo zida zosinthira zimapezeka konkuno, kapena mpaka kuitanitsa ku Johannesburg?