Kodi mwambi woti "Pakadafunda padajiwitsa galu" umatanthauzanji kwenikweni?

Nachisale, Glasgow

Akuluakulu odziwa Chichewa chakale, ndithandizeniko pa mwambi uwu: "Pakadafunda padajiwitsa galu." Mawu awiri oyambawo ndi amene andiimika mutu. Kodi "pakadafunda" ndiye kuti pamalopo pakanakhala pofunda, kapena kuti padakali pofunda? Nanga "kujiwitsa" n'kutani?

Ndikufunsa chifukwa kuno tili m'nyengo imene eni dziko amaitcha autumn, kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Masamba amasanduka achikasu, ena ofiira, kenako amayoyoka mpaka mtengo kutsala nthambi zokhazokha. Lamlungu lomaliza la Okutobala amabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi, ndiye pofika Novembala dzuwa limalowa cha m'ma 4:30 madzulo. Anzanga ambiri ochokera kwathu amadandaula nayo nyengoyi, koma ine ndimaikonda ndi mtima wonse. Ana akaweruka kusukulu salowera kwina, amabwera kunyumba. Timatseka makatani, tiyi ali pamoto, ine ndikuphika futali wa mbatata kapena maungu. Maungu amadzaza m'masitolo mwezi wa Okutobala chifukwa anthu kuno amawasema nkhope pa Halloween, ife timagula n'kuwiritsa. Tikadya timafunda bulangete limodzi pampando, bambo awo n'kumawasimbira za kumudzi. M'chaka chonse, ndi miyezi imeneyi imene ndimawaona ana anga mokwanira.

Nditawafotokozera zimenezi apongozi anga aakazi pa foni, anangoti, "Zabwino zimenezo mwananga, komatu pakadafunda padajiwitsa galu." Ndinachita manyazi kuwafunsa. Kodi akundiuza kuti ndikulera ana mwaulesi? Mtima wanga ukukana kuti makolo athu angadane ndi zoti mayi akhale pamalo ofunda ndi ana ake.

Mphunzitsi wopuma, Nkhoma

Mwana wanga, mwachita bwino kufunsa, ndipo pamene mwakayikirapo m'pamene ambiri amasokerapo. Kachidutswa koti -kada- kamagwira ntchito ziwiri. Tikati "mukadabwera dzulo mukadawapeza," tikunena zimene sizidachitike. Koma kuno m'chigawo chapakati timanenanso kuti "mwana akadagona," kutanthauza kuti sanadzuke, adakali m'tulo. Timati "kunja kukadali mdima." M'mwambimu ndi tanthauzo lachiwirili: padakali pofunda, sipanazizire.

Kujiwa ndi kudyedwa. Mukapita kumudzi mudzamva akuti "mbuzi yajiwa ndi fisi usiku wathawu." Kujiwitsa tsono n'kuchititsa kuti china chidyedwe.

Chinanso choti muonetsetse n'chakuti "pakadafunda" ndi mawu a galuyo. Miyambi yathu yambiri imatenga chonena cha munthu kapena khalidwe lake n'kulisandutsa ngati dzina. Timati "Safunsa adadya phula," "Ndionetsetse adathetsa nkhosa," "Kandimverere adakanena za m'maluwa." Apanso n'chimodzimodzi. Mmene agogo anga ankatifotokozera, anthu aotha moto panja madzulo, nkhuni zatha, onse alowa m'nyumba atseka zitseko. Galu wadzipinda paphulusa. Akudziwa kuti usiku kumayenda afisi, mwina wamvanso kulira kwawo chapatali, koma akuti, "Ndinyamuka bwino, pakadafunda." Kunena kumeneko ndiko kudamudyetsa.

Choncho mwambiwu sudana ndi moto. Anthu aja nawonso adaotha moto womwewo, palibe adajiwa. Umachenjeza munthu amene nthawi yonyamuka yakwana, zizindikiro waziona, koma akukanirira chifukwa pamene wakhalapo pakumukomera.

Mlimi wa ku Bembeke

Aphunzitsi anena zoona. Ine ndingoonjezera za kuotha motoko, chifukwa kuno ku Dedza kuzizira timakudziwa. Juni ndi Julayi m'mawa madzi a m'ndowa sagwirika.

Achemwali, nyengo yanuyo kwathu kuno tingaiyerekeze ndi masika kulowa m'chisanu, kuyambira Epulo mpaka Julayi. Mvula yakata, udzu wayamba kuuma, chimanga tasanja m'mikukwe kenako tikolola n'kututira kunkhokwe. Maungu ali mbwee pakhonde, mtedza tikukumba, mbatata, nzimbe, zipwete. Amayi amafutsa nkhwani ndi khwanya, kuyanika padzuwa, n'kumanga zikwatu zoti zidzatithandize ndiwo zikadzasowa m'chilimwe. Anyamata ali m'minda yokololedwa kukumba mbewa. Imeneyi ndiyo nyengo imene pakhomo pamakhala anthu. M'dzinja munthu amabwera kumunda msana uli wowawa, akangodya nsima basi wagona. Koma m'chisanu moto umasonkhedwa dzuwa likangopendeka, chimanga chikukazingidwa m'phale, mbatata zili m'phulusa, agogo n'kuyamba kuti "Padangotero," ana onse "Tili tonse!" Nthano masana ankatiletsa, nthawi yake inali imeneyo. Zilape, miyambi, mbiri ya mtundu wathu, ndani adachokera kuti, ndani sitikwatirana naye, zonsezo tidazimvera pamoto. Ngakhale mwambi mukufunsawu ine ndidaumvera pamoto pomwepo.

Ndiye musalole wina akuuzeni kuti kusonkhanitsa ana madzulo ndi ulesi. Masiku ano pamudzi pano aliyense maso ali pa foni, ndipo zikundiwawa kuti adzukulu anga sadziwa n'komwe kuyankha "Tili tonse." Inu muli kutali chonchi koma mukuchita zimene ife pafupi tikuzitaya.

Nangozo, Leeds

Asisi, ine ndine namwino kuno ndipo apongozi anuwo ndikuwamvetsa mbali ina. M'nyumba mukamafunda, kutuluka kumavuta, ndiye banja limatha milungu lisanayendepo masana kupatula kupita kuntchito ndi kusukulu. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la kuno silikwanitsa kuthandiza thupi kupanga vitamini D. N'chifukwa chake a zaumoyo kuno amalangiza kumwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse m'miyezi imeneyi, ndipo kwa ife akhungu lakuda amati ndi bwino kumwa chaka chonse. Anawo muwaganizire pamenepa. Komanso mdima wautaliwu umafoola mtima, ena amangokhala okhumudwa osadziwa chifukwa chake.

Loweruka kukacha bwino muvalitseni majekete mupite nawo ku Pollok Country Park akathamange m'masamba ouma, aoneko ng'ombe zaubweya wautali zija. Tsiku lina mukwere sitima mupite ku Blantyre wa ku Scotland, si kutali ndi Glasgow. Nyumba imene David Livingstone anabadwiramo mu 1813 ili m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ndipo anaisandutsa malo osungiramo zakale. Anawo akadziwe kumene dzina la mzinda wathu uja linachokera. Futali amakoma kwambiri mukabwera kozizidwa.

Nachisale, Glasgow

Zikomo kwambiri nonse. Aphunzitsi, za -kada- zija zandimasula, chifukwa ife ku Zomba timangoti "adakagona" kapena "akugonabe." Asisi a ku Leeds, ku Pollok timapitako ndithu, za vitaminizo ndifunsa ku famase.

Wa ku Ndirande

Pepani amayi, ndilowererepo ngakhale ndine wamng'ono. Ine mwambiwu sindinaumvepo akunenera munthu wokhala pamoto weniweni. Ndimaumva akunenera munthu amene ali pantchito yoti kampani ikuoneka kuti ikugwa koma iye safuna kuyang'ana kwina poti malipiro akubwerabe. Kapena wokhala m'nyumba ya m'mbali mwa mtsinje, achenjezedwa kuti asamuke, iye n'kumati pano m'pamene ndinazolowera. Ife kuno titaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu Malichi 2023, mawu amenewa tinawamva kwambiri, ngakhale kuti ambiri mwa amene anavutikawo sikuti ankakanirira, analibe kwina kopita.

Ndiye ndikuganiza kuti apongozi anuwo sakunena za bulangete. Mwina pofunda pamene akunenapo ndi ku Ulaya komweko. Munawasimbira mokondwa mmene mukukhalira, iwo n'kumva kuti mwakhazikika. Nkhawa ya gogo imakhala yakuti adzukulu akula osadziwa kwawo, mwana wawo sanamange kanyumba kumudzi, ndipo tsiku limene zinthu zidzatembenuke kumeneko mudzasowa pofikira.

Nachisale, Glasgow

Achimwene, mawu anuwa andilasa. Mwana wathu wamng'ono agogo akewo amangomuonera pa WhatsApp, sanamunyamulepo. Ndikakumbukira bwino, tsiku lomwelo anafunsanso ngati anawo amamva Chichewa. Amamva, koma amayankha m'Chingerezi. Aphunzitsi, kodi mwambiwu ungafike mpaka pamenepo? Nanga ndingawafunse bwanji apongozi popanda kuoneka ngati ndikuwabweza mawu?

Mphunzitsi wopuma, Nkhoma

Ungafike ndithu, ndipo mnyamata wa ku Ndirandeyu wamva ndi khutu la munthu wamkulu. Mpongozi sanena zakukhosi mwachindunji kwa mkazi wa mwana wake, makamaka nkhani yoti "bwerani kumudzi," poopa kuoneka ngati akulowerera banja. Amaponya mwambi kuti inu mutole nokha. Onaninso kuti adayamba ndi "zabwino zimenezo." Munthu wodzudzula ulesi sayamba choncho.

Musawafunse kuti "mumatanthauzanji?" Funso lotero kwa mpongozi limamveka ngati mlandu. Muuzeni mwamuna wanu acheze nawo payekha, kwa mwana wawo adzamasuka. Inu mbali yanu ndi iyi: madzulo ena mukasonkhana chonchi, aimbireni foni ya kanema. Mawotchi akabwezedwa, kuno timakhala patsogolo ndi maola awiri, ndiye muimbe ana akangofika kuchokera kusukulu, iwo asanagone. Muwapemphe kuti awasimbire adzukuluwo nthano imodzi, ndipo anawo muwaphunzitsiretu kuyankha "Tili tonse." Ngati pali chaka chimene mukuganiza zobwera nawo kumudzi, atchulireni, ndipo ngati kusukulu kungalole mudzabwere m'Julayi, mbatata ndi mtedza zikadalipo.