Kodi "kuona maso a nkhono n'kudekha" ndi mwambi wa pamilandu pokha?

Wa ku Mtakataka:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mwezi watha ndinadzera ku Golomoti kupita ku Chembe kukayamba kujambula nsomba za mbuna pansi pa madzi, pafupi ndi chilumba cha Thumbi. Amene ankandiphunzitsa anandiletsa kulowa ndekha, ndipo anayamba wamiza chikuto cha kamera chili ndi kapepala kouma m'kati kuti tione ngati chikudontha. Tsiku loyamba ndinkathamangitsa nsomba, zithunzi zonse n'kutuluka michira yokhayokha. Lachiwiri ndinangoyandama phee pambali pa mwala, mpaka mbuna zinabwerera kudzadya ndere pafupi ndi galasi. Nditawafotokozera atsibweni kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, anandidzudzula kuti mwambiwo ndi wa pabwalo la milandu, si wa masewera a m'madzi. Kodi ndinalakwa?

Mayi a ku Bembeke:
Agogo anga aakazi sankaudziwa ngati wa milandu. Nthawi ya dzinja ankatola nkhono n'kuiika pakhonde, ife adzukulu titazungulira, ndipo aliyense woikhudza ankamenyedwa kakhofi. Tikakhala chete kwa kanthawi, tinyanga tinkatuluka pang'onopang'ono, timaso tili kunsonga. Mwambiwo ankaunena pamenepo, kenaka n'kutituma kumadzi.

Bambo a ku Sharpevale:
Nonse mwauphonya. Nkhono ya m'mwambiwu ndi ya m'madzi, imene imasunga tizilombo ta likodzo, ndipo kudekha kwake n'kuyamba wayang'ana malo usanaviike phazi. Inu a ku Mtakataka, ngati munayenda m'madzi osaya a m'mbali mwa mudzi, pitani kuchipatala akakuyezeni.

Mayi a ku Bembeke:
Za kuchipatalazo mwanena zoona, koma tanthauzolo mwalipanga nokha, bambo. Nkhono ya m'madzi maso ake ali kutsinde kwa tinyanga, ndiye agogo akanadikira chiyani?

Bambo a ku Sharpevale:
Ndiye chifukwa chake pamafunika kudekha, popeza masowo ndi ovuta kuwaona. Agogo anga ankaunena mwambiwu tikamapita kudambo, ndipo sindinawamvepo akuunena pakhonde.

Wa ku Mtakataka:
Ine chimene chinandifikitsa pa mwambiwu ndi mpweya. Munthu ukapupuluma potsika, makutu amawawa ngati akubooka, pokhapokha utsine mphuno n'kuuzira pang'ono nthawi ndi nthawi. Ukafika mamita ngati 5, mtundu wofiira umazilala pachithunzi, choncho umayenera kuyandikira nsomba kwambiri, ndipo nsomba siyandikirika ndi munthu wophiriphitha. Ngakhale mwera ukaomba timaudikira uleke, chifukwa madzi amavunduka.

Mphunzitsi wopuma wa ku Lizulu:
Mwayi wake inu mwaunena mwambi wathunthu. Mdzukulu wanga ndikamuuza kuti adekhe amangoti "zili bho, agogo," maso ali pafoni, ndipo nditamufunsa za mwambi womwewu anayankha kuti nkhono ilibe maso. Ana a masiku ano mawu akuti kudekha amangowamva m'tchalitchi.

Mayi a ku Bembeke:
Wanga anati kudekha ndi kukhala wolemera, poganiza kuti odekha ndi amene ali ndi galimoto.

Bambo a ku Sharpevale:
Anawo tiwasiye kaye. Palibe amene wandiyankha chifukwa chimene akuluakulu anasankhira nkhono, pamene nayenso kamba amabisa mutu ukamukhudza. Ine ndikuti ndi likodzo, ndipo Loweruka ndikawafunsa azakhali anga ku Kasinje.