Kolala ya Adaptil yokhazika galu mtima pansi, ndigule kapena ayi?

Nachisale_BT: Abale thandizeni maganizo. Galu wathu wamphongo, wa zaka zisanu, wasintha mwezi uno. Kale ana ankasewera naye tsiku lonse, pano ukangomugwira kumutu akudzuma n'kuonetsa mano. Mabingu akayamba akukabisala kuseri kwa matumba a chimanga. Achimwene anga ku Joni akuti kuli kolala yotchedwa Adaptil, R600 ndi kanthu, aitumiza pa basi ine ndidzabweze ndalama. Alipo anaiyesapo?

Chikwanje77: Musayerekeze. Ine chaka chatha ndinagula ya mtundu womwewo kwa mnyamata wina wogulitsa pa intaneti. Inabwera mu jumbo, yopanda bokosi, ikununkha ngati sopo wochapira. Galu anaitafuna usiku womwewo, mnyamatayo foni anazimitsa mpaka lero. Anthuwa alibe chisoni.

Mayi_a_Area25: Imeneyo sinali yeniyeni bambo. Yeniyeniyo munthu samva fungo lake.

Chikwanje77: Yeniyeni kaya yabodza, ndalama zanga zinapita.

BigBoss_Randburg: R600 ya chani? Ine ndimagula R450. Ndili ndi agalu akuluakulu awiri a mtundu wa boerboel kuno, chakudya chawo chokha pamwezi chimaposa renti ya anthu ena. Disembala ndimawaveka onse chifukwa cha makombola a nyuwere, amagona phee.

Mjomba_Ndirande: Galu wa pakhomo azigona phee? Ndiye akuba muziwauwa ndinu? Kkkk

Mlangizi_Ziweto: Mayi Nachisale, ine ndikupempha kuti nkhani ya kolala muyambe mwaiika pambali. Kolalayo ndi yoona, imapangidwa ndi kampani ya Ceva. Muli mankhwala otsanzira kafungo komwe galu woyamwitsa amatulutsa pafupi ndi mawere, kamene kamakhazika tiana take mtima pansi. Imagwira ntchito pafupifupi mwezi umodzi, kenako mugulenso ina. Agalu ena amantha imawathandiza pang'ono, ena osasintha n'komwe, ndipo kafukufuku wake sagwirizana. Koma siichiritsa ululu.

Galu wamkulu wofatsa akayamba mwadzidzidzi kukana kugwidwa malo amodzi, ife timayamba taganiza kuti pamenepo pakupweteka. Mwati kumutu. Kodi akupukusa mutu kawirikawiri, kapena kuupendeketsa mbali imodzi? M'khutu mukununkha? Nsonga za makutu zadyedwa ndi ntchentche? Nanga akutafunira mbali imodzi, kapena kusiya mafupa omwe kale ankawakonda? Dzino lothyoka limamusandutsa galu wolusa. Muonenso usinini: ukakhala wotuwa, galu ali wofooka osadya, tiganizire matenda a nkhupakupa, ndipo amenewo sachedwa kupha.

Chachikulu: katemera wa chiwewe anabayitsa liti? Chiwewe chimayambanso ndi kusintha khalidwe. Ana atalikirane naye kaye. Akaluma munthu, tsukani bala ndi sopo pamadzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Nachisale_BT: Anabayitsa chaka chino pomwe a Mission Rabies anabwera kusukulu ya kwathu kuno, kakhadi ndili nako. Koma za kupukusa mutuzo mwalasa, akuchitadi, mpaka usiku timamva makutu ali phaphapha.

Mjomba_Ndirande: Ndiye mpatseni bulufeni theka mu nsima, mawa adzuka bwino. Zotchipa.

Mlangizi_Ziweto: Ayi mjomba, chonde. Bulufeni amaboola m'mimba mwa galu ndi kuononga impso. Panado nayenso, mphaka amafa naye.

Tiyanjane_MZ: Ine ndiye ndikanagula kadengu kovala kukamwa kaja, ka pulasitiki. N'kotchipa kwambiri ndipo kamakhala zaka. Mumayika kachidutswa ka nyama mkati, galu azilowetsa yekha mphuno, masiku angapo wazolowera. Tsiku lopita kwa dokotala palibe kulimbana. Za mabingu, wanga ndinangomuyalira thumba m'kachipinda kosungira makala, mvula ikayamba amalowa yekha. Sindinalipire tambala.

BigBoss_Randburg: Galu wa mtundu sagona pa makala madamu.

Chikwanje77: Kudzumako n'kudelera chabe. Kamtengo kamodzi kokha asiya.

Mlangizi_Ziweto: Asiyadi kudzuma, koma khutu lidzapitiriza kuwawa. Kudzumako ndi chenjezo. Galu asanalume amayasamula, amanyambita milomo, amatembenuza mutu, amaumitsa thupi, kenako n'kudzuma. Mukamumenyera kudzuma, ulendo wina adzangoluma osachenjeza, ndipo wogwira kumutu kawirikawiri amakhala mwana.

Mayi_a_Area25: Ine yofanana nayo ya mphaka, yotchedwa Feliway, yoika pa soketi, inandithandiza titasamuka nyumba, anasiya kukodzera makatani. Koma ndi magetsi athuwa theka la tsiku imangokhala.

BigBoss_Randburg: Ndayang'ananso risiti, inali R720. Komabe ndi yabwino.

Mjomba_Ndirande: Yakwera pa ola limodzi!

Nachisale_BT: Achimwene ndawauza adikire kaye. Loweruka ndimutengera kwa dokotala aone khutulo. Koma za mabingu zija anali nazo pang'ono ndi kale, ndiye kolalayo mwina ndidzaiganizirabe. Vuto pano ndi mayendedwe, minibasi sangalole. Alipo wa ku Chilomoni ali ndi pikapu?

Chikwanje77: Ndikanakhala ine sindikanagula.