Chitokosi chakale cha atsamunda: ndipake simenti kapena ndichisiye?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndine mmisiri womanga kuno ku Mangochi. Komiti ya kwathu yandipatsa ganyu yokonza kanyumba kena komwe akuluakulu amati kanali chitokosi nthawi ya atsamunda, boma lino likutchedwa Fort Johnston. Akufuna azisungiramo chimanga.

Ndakayendera dzulo. Zipinda ndi ziwiri, khoma n'lochindikala njerwa zitatu, tiziwindo tili pamwamba penipeni ndi zitsulo zopingasa, moti munthu wamtali sangasuzumire. Chitseko chachitsulo chikadalipo, bawuti wake ali kunja kokha. Denga ndiye latha, chiswe ndi mileme zagawana. Koma njerwa zake, abale! Sanamangire simenti, m'mizere muli zoyera zofumbutuka ngati laimu. Komiti ikuti ndipake pulasitala wa simenti, ndikuze mawindo, zitsulozo tigulitse. Dzanja langa likukana. Ndichite bwanji?

Mayankho

Mmisiri mnzanu wa ku Monkey Bay: Achimwene, simenti ayi. Khoma la laimu limapuma. Mukalitseka ndi simenti chinyezi chimatsekeredwa m'kati, ndiye pakapita mvula ziwiri zitatu pulasitala amagwa atanyamula nkhope ya njerwa. Sakanizani laimu ndi mchenga, muyambe ndi denga.

Mayi wa ku Namwera: Gwetsani basi. Agogo anga anagona m'nyumba zoterezi chifukwa cha msonkho. Tizisunga za chiyani?

Mphunzitsi wopuma: Mayi, ululu wanu ndaumva. Koma taonani, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi tasunga nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ndi mfuti ya sitima ya Guendolen yomwe inawombera Ajeremani mu 1914. Zimenezo n'za eni ake. Pomwe panagona agogo anu ndi pomwe tigwetse? Bambo mmisiri, musanakhudze njerwa, lemberani a Department of Museums and Monuments, kapena kafunseni ku Lake Malawi Museum pa boma pomwepo. Pali lamulo loteteza nyumba zakale.

Mayi wa ku Namwera: Akasunga, alembe pakhomo kuti ankatsekeramo ndani. Apo ayi, chimanga chilowe.

Wofunsa: Zikomo nonse. Mawa ndiyamba ku museum, zitsulo sindichotsa. Koma laimu womangira ndingamupeze kuti kuno, kapena mpaka ku Blantyre? Amene ndikumuona m'mashopu ndi wopaka m'makoma yekha.